Nsomba Imene Unandifunsa Dzina Lake

Wokondedwa mwana wanga Kankhanu,

Ndayamba ndi moni. Uli bwanji kumeneko, iwe ndi bambo a kunyumbako, ndi kamdzukulu kanga kaja kothyola magalasi a anthu? Nanga mlamu wanga, mayi ako, miyendo ikuwalola kutsika masitepe tsopano? Kuno tadzuka. Mayi ako aakulu chifuwa chija chinawasiya, chatsala n'kulongolola basi. Ine bondo lakumanzere likumandiuza za mvula kudakali masiku awiri, koma boti la pasiteshoni ya kafukufuku wa za m'nyanja ndikuyendetsabe.

Usadabwe ndi zilembo zokwera ndi kutsika. Ukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira kalasi yachinayi. Kalatayi sindinafune kuti wina andilembere, choncho ndailemba ndekha masiku anayi, m'shedi ya maboti, pamwamba pa bokosi la zingwe, nthawi imene anzanga apita kokadya.

Kalata yako ndinailandira miyezi itatu yapitayo pamodzi ndi kabuku kako kachingerezi kaja. Unaimbanso foni kawiri, ndipo kawiri konseko mayi ako aakulu anakuuza kuti ndili panyanja. Ndinali pakhonde. Ndine ndinawakodola kuti aname.

Ndiyambe ndi chaching'ono chimene chinandikwiyitsa, ndichichotse pakhosi, chifukwa chinacho n'chachikulu.

Kabuku kako ndinapita nako kwa Mayi Dokotala, abwana athu a pasiteshoni, kuti andiwerengere tsamba lomaliza, paja pothokoza anthu. Anawerenga mayina asanu ndi anayi. Iwo alipo. Aphunzitsi ako alipo. Ngakhale anthu ogulitsa mabatire alipo. Ndinawapempha kuti abwereze, mwina adumpha mzere. Anabwereza, kenako anandilozera mawu akuti ogwira ntchito a pasiteshoni, amvekere mmenemo ndi mmene muli inu, a Makutu. Ndinawathokoza n'kutuluka. Ndiye kuti ine ndili m'thumba limodzi ndi wosesa ndi wotchetcha udzu.

Kodi ndani anayamba kuwauza ophunzirawa kuti thanthwe lamoyo la pansi pa nyanja limasokosera? Siteshoni isanamangidwe ine ndinali kale kumiza nkhafi m'madzi, chigwiriro chake n'kuchitsamiritsa pa fupa la kuseri kwa khutu. Akuluakulu oyamba aja atabwera anandiseka. Ndinawapatsa nkhafi, anamva okha, anasiya kuseka. Chaka chotsatira anabwera ndi makina ojambulira mawu m'madzi, ndipo chimene ndinkachidziwa ine chinasanduka chotulukira iwo.

Iwe amene ndinakuphunzitsa uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinakukhazika pamwendo, nkhafi pakhutu, n'kumakutchulira mmodzimmodzi. Tinkhanu tija tothetheka ngati madzi akagwera m'mafuta otentha. Nsomba yobuula ngati nkhunda. Ina yokukuta mano. Ina yolira ngati chitseko chosadzozedwa. Unandifunsa ngati nsombazo zimakangana, ndipo ndinakuuza kuti zimakangana kuposa ine ndi mayi ako aakulu. Unaseka mpaka nkhafi inagwera m'madzi. M'kabuku mulibe zimenezo.

Basi, ndanena. Ndinakwiya masabata awiri, ndipo mkwiyowo ndinaukonda, chifukwa unandipatsa chifukwa chosayankhira funso lako.

Ntchito yako ndi yabwino, zimenezo sindingakane. Madzi atatentha chaka chija, miyala yamoyo ija imene inu mumati makorale inayera ngati mafupa, thanthwe lonse linangoti zii. Ndinkamiza nkhafi n'kumva magazi anga okha. Iwe unabwera, unatsegula kabati ya m'chipinda chosungiramo katundu, unapeza makaseti akale a mawu a thanthwe lidakali moyo. Unati tiana ta nsomba timene timayandama kutali timasankha kokakhala pomvera phokoso, ndiye tikaliza phokoso la mudzi wamoyo pa mudzi wakufa, tinsombato tibwera. Ndinkaona ngati zamisala. Tinamangirira migolo inayi yoyandama, uliwonse ndi batire lake pamwamba ndi chimkuzamawu cholendewera pansi, uliwonse kaseti yakeyake. Ine ndiye ndimapita Lolemba ndi Lachinayi kukasintha mabatire.

Tinsombato tabweradi, mwana wanga. Ndationa ndi maso anga. Ndipo monga unalembera, mgolo wachitatu ndi umene waitana tambiri kuposa inzake yonse.

Tsopano funso lako. Unati pa kaseti ya mgolo wachitatu pali mawu amene kompyuta yako inawapatsa nambala 17. Kugogoda katatu, kupuma, kugogoda kawiri. Kumabwerezabwereza kwa mphindi khumi ndi imodzi, kenako kumatha. Sikupezeka pa kaseti ina iliyonse, ndipo kasetiyo ilibe tsiku. Unati watumiza kwa anzako a mayiko ena, palibe akuidziwa nsomba yolira choncho. Unati pamsonkhano waukulu, umene tsopano watsala mwezi umodzi, ukaima n'kunena kuti mwina ndi nsomba imene sinalembedwepo, mwinanso inatha pamodzi ndi thanthwe. Pomaliza unalemba kuti bambo aakulu, ngati alipo munthu woidziwa ndinu.

Ndikuidziwa. Si nsomba.

Mayi Dokotala anandiitanira m'chipinda chawo chozizira chija kuti ndimve bwino. Anandiveka zomvera zakuda m'makutu. Anati kompyuta yako inachotsa kale phokoso la mafunde ndi la thovu, kwatsala kugogoda kokhakokha. Anadina. Ndinamva katatu, kawiri. Katatu, kawiri. Ndinavula zomverazo n'kupempha kupita panja. Ndinakasanza kuseri kwa matanki a nsomba. Nditabwerera anandiseka kuti mpaka a Makutu nsomba yawagonjetsa, ndipo ine ndinati inde, imeneyi sindinaimvepo.

Khala pansi, Kankhanu. Ngati mayi ako ali pafupi, pita nayo kalatayi kuchipinda.

Bambo ako, mng'ono wanga, tinkamutchula Chule chifukwa anayamba kumira asanayambe kuyenda bwinobwino. Za iye umadziwa chithunzi chija chili pakhoma pabalaza pako, wavala zakuda za omira, nkhafi pakhutu, akumwetulira. Umadziwanso zimene tinakuuza, kuti anakodwa mu ukonde wakale pansi pa nyanja uli ndi zaka zinayi, ndipo palibe anadziwa mpaka nthawi itatha. Theka lake ndi loona.

Tonse awiri tinkagwira pasiteshoni. Iye ankamira ndi botolo la mpweya kumsana kukaika makina ojambulira pathanthwe, ine ndinkatsala m'boti pamwamba. Kunalibe foni ya m'madzi. Tinapangana tokha chizindikiro. Akapanikizika azigogoda botolo ndi mpeni, katatu, kupuma, kawiri, kutanthauza kuti achimwene bwerani. Ine ndikamva ndi nkhafi ndizimenya mbali ya boti kamodzi, kutanthauza kuti ndamva, ndikubwera. Palibe wina ankadziwa zimenezi, ngakhale mayi ako.

Koma bambo ako anali munthu wa nthabwala zosadziwa malire. Katatu konse anagogoda chizindikirocho popanda vuto. Ine ndinkadumpha ndi zovala zomwe n'kukamupeza atakhala pamchenga, wapinda miyendo ngati mlendo wodikira tiyi, akundibayibitsa. Ulendo wachiwiri ndinataya wotchi. Wachitatu ndinamugwira pakhosi titakwera m'boti, iye akuseka mpaka kutsamwa, amvekere ndimafuna ndione ngati makutu otchukawo akugwirabe ntchito. Ndinamulumbirira kuti tsiku lina adzagogoda mpaka dzanja lidzatopa.

Tsiku lakelo m'mawa, akuluakulu a siteshoni anabwera ndi wojambula zithunzi. Ankafuna chithunzi cha munthu womvera nsomba ndi nkhafi kuti achiike m'buku lawo. Ndinapesa tsitsi, ndinavala malaya oyera. Wojambulayo anandiyang'ana, anayang'ana Chule, n'kunena kuti wovala za omirayo ndiye akuoneka bwino, komanso amatha kufotokoza m'Chingerezi. Anatenga nkhafi yanga m'manja mwanga n'kupatsa iye. Ine anandiuza kuti ndigwire boti lisagwedezeke, koma ndiwerame kuti mutu wanga usalowe m'chithunzi.

Chithunzi chili pakhoma pakocho n'chimenecho. Ukayang'anitsitsa pansi kumanja uona zala zinayi zitagwira m'mphepete mwa boti. Ndi zanga.

Chule nkhafi sankaitha n'komwe. Ankaiika pakhutu penipeni, osati pafupa, ndipo sankamva kanthu. Tili m'njira kupita kuthanthwe, awiriwiri, anayamba kundiputa. Anati achimwene musakwiye, makutu ndi anu koma nkhope ndi yanga, tikaphatikiza tikukwana munthu mmodzi. Anandigunda ndi phazi kuti ndiseke. Sindinaseke. Anatenga botolo losadzaza, lotsala dzulo lake, amvekere ntchito yake ndi ya mphindi zisanu, kungoika makina n'kudina batani. Ndinaona kuti ndi losadzaza. Tsiku lina lililonse ndikanamulanda.

Linali dzuwa la pamutu, nyanja ili bata. Anagwera chagada m'madzi monga ankachitira, akundikwezera chala.

Patapita kanthawi ndinamiza nkhafi, mwachizolowezi chabe. Thanthwe linali pachikondwerero, tinkhanu kuthetheka, nsomba kubuula. Kenako pakati pa zonsezo ndinamva katatu, kawiri.

Ndinatulutsa nkhafi m'madzi n'kuigoneka pamiyendo. Mumtima ndinati lero ayi, waseka mokwanira. Ndinali ndi lalanje m'thumba. Ndinalisenda pang'onopang'ono, makoko ndikuponya m'madzi, n'kulidya lonse, kagawo ndi kagawo.

Nditamaliza ndinamizanso nkhafi. Kunali kugogodabe. Koma apa pali chinthu chimene ndakhala nacho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mpeni pa botolo umalira ngati belu, ngwee. Uku kunali kugogoda kogonthera, ngati munthu akumenya khoma ndi chibakera. Khutu langa linaona kusiyanako. Linandiuza. Ine ndinati wapeza njira ina yondipusitsira, ndipo ndinatulutsanso nkhafi.

Nditaimiza kachitatu ndinamva tinkhanu tokha.

Ndinadumpha pamenepo. Ndinamupeza patali pang'ono ndi makina, mwendo ndi botolo zitakulungidwa mu ukonde wakale umene mafunde anaukokera pamwala. Mpeni wake unali pamchenga, pansi pake, pamene dzanja silikanafika. Uyenera kuti unamupulumuka akudula. M'dzanja anali atafumbata mtovu wa palamba wake, uja wothandiza kumira, umene ankamenya nawo thanthwe. Maso anali otsegula, akuyang'ana kumwamba, kumene kunkaoneka mimba ya boti langa. Ndinadula ukondewo ndi mpeni wake womwewo. Sizinanditengere ngakhale mphindi ziwiri.

Kumtunda anandifunsa apolisi, anandifunsa akuluakulu, anandifunsa mayi ako atandigwira malaya oyera aja. Onse ndinawauza kuti sindinamve kanthu. Ine, Makutu. Anandikhulupirira chifukwa za chizindikiro sankazidziwa, ndipo mayi ako anandipepesa ineyo kuti ndaona zoopsa.

Maliro atatha anandituma kukavuula makina aja. Ndili ndekha m'boti ndinawatsegula, ndipo ndinadziwa kuti bambo ako anali atadina batani asanakodwe. Zonse zinali pakasetiyo. Ndinaigwira pamwamba pa madzi kuti ndiiponye. Dzanja linakana. Anali mawu omaliza a mwana wa mayi anga. Ndinangopala ndi chikhadabo kapepala kamene iye analembapo tsiku, n'kukaiika pansi penipeni m'bokosi la makaseti ena. Akuluakulu aja anasamuka, ena anabwera, bokosi linalowa m'kabati. Ndinkaganiza kuti chinyontho chidzaimaliza.

Ndiye ukamvera kaseti yako, usamvere kugogoda kokha. Umvere chimene kulibe. Pamphindi khumi ndi imodzi zonsezo palibe pamene nkhafi ikumenya boti kamodzi. Malo opanda kanthuwo ndiye ine.

Anthu anandiyamikira kwambiri mmene ndinakulerera. Ankati onani bambo wamkulu weniweni, kumunyamula mwana paphewa mpaka kusukulu, kumusokera yunifolomu ndi singano ya maukonde. Ukadwala malungo ndinkagona pansi pafupi ndi bedi lako. Sindikunena kuti zinali zabodza. Ndinkakukonda, ndipo ndimakukonda kuposa ana obereka ndekha, iwonso amadziwa ndipo amandinena. Koma uyenera kudziwa kuti munthu amene ankakunyamulayo ankanyamulanso china. Mayi ako aakulu mpaka lero amauza alendo kuti bambo awa malalanje amawapweteka mano.

Tsopano umve za mgolo wachitatu.

Chiyambire tsiku limene Mayi Dokotala anandimvetsa mawu aja, ndinadziwa chimene ndakhala ndikusinthira batire. Miyezi yonseyi ine ndi manja anga ndakhala ndikupatsa mphamvu mng'ono wanga kuti azigogoda, pathanthwe lomwelo, usana ndi usiku, kaseti ikatha n'kuyambiranso. Ndinasiya kutenga nkhafi popita kumeneko. Ndinkasintha batire maso ali kumbali ngati munthu wosambitsa mtembo. Koma boti lathu ndi lamatabwa, ndipo ukazimitsa injini mawu amakwera okha m'matabwamo n'kulowa m'mapazi. Ndinayamba kuvala nsapato m'boti. Mayi ako aakulu anati ukalamba wandipatsa ulemu.

Lachinayi lapitali ndinalephera kupirira. Linali dzuwa la pamutu ngati tsiku lija, madzi osalala ngati mafuta, kopanda ngakhale mbalame. Ndinafika pamgolo, ndinazula waya wa batire. Sindinakhutire. Ndinakoka chingwe mpaka chimkuzamawu chinatuluka m'madzi, chitamera ndere ndi tizigoba, n'kuchigoneka m'boti pafupi ndi mapazi anga. Chinali chete, chikudontha. Migolo inayo ili kutali, ndipo ukudziwa wekha kuti imaliza makaseti ena.

Tsiku limenelo nkhafi ndinali nditaitenga. Ndinkafuna kumva thanthwe lopanda iye, kamodzi kokha. Ndinaimiza, ndinatsamiritsa pafupa.

Tinkhanu tayambiranso kuthetheka, pang'ono, ngati moto wongoyatsa kumene. Nsomba imodzi inabuula chapatali. Ndinayamba kupuma bwino. Ndiye ndinamva katatu, kawiri.

Ndinayang'ana chimkuzamawu. Chinali pamapazi anga, waya wake uli m'dzanja langa lamanzere. Ndinasintha khutu, poganiza kuti mwina ndi mutu wanga wokalambawu. Kumanzere kunalinso chimodzimodzi. Ndinatulutsa nkhafi m'madzi, kunasiya. Ndinaimiza, kunalipo. Za m'mutu sizidikira nkhafi, mwana wanga.

Ndinasuzumira m'madzi. Kunali koyera mpaka pansi. Pamwamba pa miyala yakufa ija panali tiana ta nsomba tosawerengeka, tating'ono ngati chala cha mdzukulu wanga. Nsomba zazing'ono sizikhazikika, umadziwa, zimangoti uku psiti uku psiti. Izi zinangoima m'madzi osagwedezeka, zonse mitu kumwamba, kuyang'ana mimba ya boti.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Kugogodako sikunkafulumira, sikunkachedwa. Kunalibe mkwiyo. Kunali ngati munthu amene waima pakhomo podziwa kuti mwini nyumba ali mkati.

Ndinatulutsa nkhafi. Ndinaigwira ndi manja awiri n'kumenya mbali ya boti kamodzi.

Nditaimizanso, nyanja yonse inali zii. Tinkhanu tomwe tinali titasiya. Sindinamvepo chete wotero chibadwire, ngakhale chaka chimene thanthwe linafa. Ndinawerenga mpaka makumi awiri. Kenako kankhanu kamodzi kanathetheka, kena kanayankha, phokoso linabwerera lonse. Tinsomba tija tinabalalika n'kuyamba kudya m'miyala monga nsomba zimachitira. Kugogoda sikunabwerenso. Ndinadikira mpaka khosi linauma.

Usandifunse kuti chinali chiyani. Tsiku lotsatira ndinawafunsa Mayi Dokotala mozungulira, ngati nsomba ingaphunzire kulira kumene yakhala ikumva, monga zimachitira mbalame zina. Anati za mawu a nsomba anthu akudziwa zochepa kwambiri, sangavomere ndipo sangakane, n'kuwonjeza kuti nanga si muli ndi mwana wodziwa zimenezi, mufunseni. Mwina ndi choncho. Mwina pali kansomba kamene kanakulira pansi pa chimkuzamawu chako n'kutola nyimbo ya bambo ako. Iwe ndiye wasukulu. Ine ndikungodziwa kuti ndinayankha mochedwa ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kunamveka.

Chimkuzamawucho sindinachibwezere. Chili m'shedi muno, pansi pa lona, pafupi ndi pamene ndikulembera. Mayi Dokotala ndinawauza kuti chalowa madzi. Limenelo ndi bodza langa lomaliza, ndatopa nawo. Achiyesa, aona kuti chilibe vuto, ndipo akuti Lachinayi likubwerali chibwerere m'madzi chifukwa mgolo wachitatu ndiwo mtima wa kafukufuku wako. Lolemba ndinapitako. Tinsomba tikadalipo, sitinathawe. Ndinamiza nkhafi, koma kunali thanthwe lokha.

Ndiye ndikukupempha, Kankhanu. Usakaime pamaso pa anthu ophunzira n'kutchula bambo ako kuti nsomba. Tsiku lina wina adzazindikira kuti ndi mtovu pamwala, adzakuseka, ndipo ntchito yako yonse yabwinoyi idzaoneka yabodza chifukwa cha ine. Ndinakulanda bambo, sindikufuna ndikulandenso dzina.

Za chimkuzamawu unene ndiwe. Kalatayi ndimpatsa dalaivala wa pasiteshoni amene anyamuka madzulo ano n'kufika kumeneko mawa, ndiye ikupeza nthawi ikadalipo. Ukati chibwerere, ndichibwezera ndi manja anga, ndipo ndizisintha batire mpaka tsiku limene bondo lidzandikanize kukwera boti. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina n'koyenera. Anaitana ine sindinapite, koma taona amene apita, tinsomba tija. Ukati chisabwerere ndi kaseti imeneyo, uwauze wekha Mayi Dokotala chifukwa chake, kapena undilole ndiwauze ine. Akandichotsa ntchito achita bwino.

Mayi ako usawawerengere kalatayi. Si kuti ndikufuna kubisanso ayi. Anandigwira malaya n'kundifunsa pamaso, ndiye ayenera kumva kuchokera pakamwa pomwepo pamene panawanamiza. Ukandilola ndikwera basi, ndidzakhala pansi pakhomo panu, ndipo adzanene chilichonse chimene akufuna. Mayi ako aakulu ndiwauza madzulo ano dalaivala akanyamuka, kuti ndisakhalenso ndi pobwerera.

Foni ukaimba ndiyankha ndekha. Ukapanda kuimba ndidzamva, ndipo sindidzakuimba mlandu. Ndikudziwa mmene zimakhalira munthu akamva kuitana n'kusankha kukhala chete. Kusiyana kwake n'kwakuti iwe uli ndi chifukwa.

Chatsala n'chimodzi. Ndinayamba kalatayi ndi kudandaula kuti dzina langa mulibe m'kabuku kako. Zaka zonsezi ndakhala ndikulira kuti ophunzira anandidya nzeru n'kundisiya kunja kwa chithunzi. Tsopano ukamakonza za nambala 17 uyenera kulemba chimene chili, ndi tsiku lake, ndi amene wakuuza. Tsikulo ndi lachisanu ndi chinayi la mwezi umene unabadwa iwe, chaka chimene unakwanitsa zaka zinayi. Wogogodayo umulembe dzina lake lonse, osati Chule. Ndipo pamene pakufunika dzina la munthu amene anali m'boti, nkhafi ili pamiyendo, usalembe kuti wogwira ntchito wa pasiteshoni. Pamenepo ulembe langa.

Undiperekere moni kwa bambo a kunyumbako. Kamdzukulu kanga ukapsompsone pamutu, ndipo nkhafi yaing'ono imene ndinakalonjeza ndamaliza kusema, ili pano, iwe ndiye unene ngati ingabwere. Mlamu wanga umuuze kuti ndamufunsa za miyendo. Abale ako onse kuno akupereka moni, sakudziwa kanthu.

Mulungu akusunge, akupatse mtima woposa wanga.

Ndine bambo ako aakulu,
Makutu